Mwina Ogasiti

9 Januwale

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko, ndipo moto wa ng'anjo yanu sunakumalizeni nsidze. Ife kuno tilipo. Amayi ali monga munawasiyira: mkono ndi mwendo wakumanja sizikumvabe, koma pakamwa pachira kwambiri, moti dzulo andikalipira bwinobwino chifukwa cha tiyi wozizira. Sabata yathayi tinakudikirani monga munanenera. Ndinachapa makatani, ndinasesa chipinda chanu, ndinatulutsamo makatoni anga a mabuku. Simunaoneke. Tiuzeni chachitika n'chiyani.

Ndili ndi nkhani imene ndimafuna kukuuzani pamaso, koma poti masowo sakuoneka, pepala lomweli lisenze. Teremu yatha kunabwera woyendera sukulu. Analowa m'kalasi mwanga mwadzidzidzi nthawi ya masamu, n'kupeza chipwirikiti: ana akukoka matebulo, ena anyamula mipando pamutu. Ahedi anaima pakhomo nkhope itagwa. Chonsecho phunziro linali lomwelo. Ndinali nditafunsa kuti ngati tebulo limodzi likukhala anthu anayi, nanga tikalumikiza awiri? Onse anayankha kuti asanu ndi atatu. Ndinati chabwino, lumikizani mukhale tione. Atakhala, awiri anasowa malo. Tinalumikiza lachitatu, kenako lachinayi, tikuwerenga. Ndiye ndinafunsa za matebulo makumi awiri, amene tilibe. Apa mpamene mwana amayamba kuganiza, chifukwa palibenso choti akoke. Mtsikana wina amene chaka chonse sanatsegulepo pakamwa anati, "Madamu, tebulo lililonse likubweretsa anthu awiri, ndiye tiwonjezere awiri a kumapeto aja." Ndinatsala pang'ono kumunyamula.

Umu ndi mmene ndimaphunzitsira masiku ano. Ana a zaka khumi ndi ziwiri kapena zitatu amaiopa nambala ikakhala m'buku, koma saiopa ikakhala pa zitsulo za pazenera, pa njerwa za khoma kapena pa maluwa a nsalu. Ndimawatuma kukafuna chinthu chobwerezabwereza kunyumba kwawo, apeze ndondomeko yake, kenako anene chimene chikubwera kutsogolo asanachione.

Woyendera uja anapita, ndipo Lolemba lapitali kwabwera kalata. Andisankha kupita ku koleji ya aphunzitsi miyezi itatu, Sepitembala mpaka Novembala, kukaphunzira kuphunzitsa aphunzitsi anzanga njira imeneyi. Sukulu yathu yapatsidwa malo amodzi okha, ndipo dzina la wopitayo lifike kumeneko Juni asanathe.

Achimwene, ndikufuna kupita. Ndikunena mosapsatira chifukwa ndatopa ndi kunamizira kuti sindifuna kanthu. Chidwalireni amayi, dziko langa ndi msewu umodzi: kunyumba, kusukulu, kunyumba. M'mawa ndimawadzutsa, kuwasambitsa, kuwakhazika pa mpando wa pazenera. Nthawi yopuma anzanga akumwa tiyi, ine ndili pa liwiro kudzawatembenuza ndi kuwamwetsa mapiritsi. Atelala, mayi oyandikana nafe aja, anasunthira makina awo pakhonde kuti azimva amayi akaitana, koma msana wawo mukuudziwa, sangawanyamule. Wantchito amayi anamukana kale, akuti safuna kugwidwa ndi mlendo, ndipo womaliza uja anamugenda ndi kapu. Ndiye funso ndi limodzi: miyezi itatuyo akhale nawo ndani?

Ana a amayi tilipo awiri basi. Ndiyankheni.

Ine mlongo wanu

*

23 Januwale

Wokondedwa Namasamu,

Dzina limeneli ndinakupatsa uli kamwana, ukuwerenga mabatani a malaya a alendo, ndiye taona kumene lakufikitsa. Ndawawerengera anzanga kalata yako m'chipinda chodyera. Mmodzi wati umulembetse m'kalasi mwakomo, chifukwa kwa iye matebulo awiri ndi anthu asanu ndi atatu mpaka lero, ndipo akuti amene akutsutsa abwere akambirane panja.

Ndili bwino, nsidze zilipo. Pepa posabwera. Ukudziwa kuti ng'anjo yathu yosungunula galasi la mabotolo siizimitsidwa chaka chonse. Ikangozizira galasi limauma m'kati, fakitale yonse yaima. Timaiyang'anira anthu anayi mosinthana, ndipo aliyense amapuma sabata imodzi pa mwezi. Sabata yanga itafika, njerwa za mbali imodzi zinang'aluka, kapitawo n'kulamula kuti pageti pasatuluke munthu. Chikwama chinali kale paphewa, ndinachimasula.

Ndibwera sabata yanga ya Febuluwale.

Za miyezi itatuyo ndamva. Si nkhani yaing'ono. Tchuthi changa chachikulu ndi mwezi umodzi pa chaka. Mkazi woti ndimutumize ndilibe, monga amayi amandikumbutsira nthawi zonse. Kuno ndimagona m'hositelo, bedi pamwamba pa bedi, ndiye kuwatenga sikungatheke. Koma usayambe kudandaula Juni ali kutali. Mutu wanga si wa masamu ngati wako, koma ukaupatsa nthawi umagwira.

Amayi akudya bwanji? Miyendo ikutupabe? Uwauze kuti makapu akwera mtengo, akafuna kugenda munthu azigwiritsa ntchito pilo. Atelala uwapatse moni. Iweyo ndakunyadira kwambiri, ndipo zimenezi sindikuseka.

Mlongo wako

*

2 Malichi

Achimwene,

Moni ndikupereka chifukwa tinaleredwa choncho. Tili moyo, kaya inu.

Kapepala kanu ka mizere itatu kanafika, koti Febuluwale wakanika, tionana Epulo. Kanafika sabata yanuyo itatha kale. Amayi anakhala pazenera sabata yonse atavala juzi yawo yabwino ija, basi iliyonse ikaima pa siteji khosi lili m'mwamba. Tsiku lomaliza anakana kubwerera pabedi mpaka kunja kutada. Amene anawanyamula miyendo itatupa ndine. Amene anawanamiza kuti mwina basi yafa panjira ndinenso. Mwatigwiritsa mwala kawiri, ndipo ulendo uno simunatiuze n'chifukwa chomwe.

Ndikupempheni chinthu chimodzi. Musadzandilonjezenso kanthu, kakang'ono kapena kakakulu, kufikira tikiti ili m'manja mwanu. Mukakhala chete ndipirira. Chimene sindingathe ndi kusesa chipinda cha munthu amene sakubwera.

Za kusukulu ndilibe wina womuuza. Amayi ndikangoyamba amagona, atelala amati masamu amawapweteketsa mutu. Ndiye ndikuuzani inu ngakhale ndakukwiyirani.

Lachitatu ndinagawa kalasi pawiri. Gulu lina ndinalipatsa pepala loti lizipinda pakati mobwereza, n'kumawerenga kuti zigawo zilipo zingati. Lina ndinalipatsa katoni yozungulira ndi rula, kuti lizijambula mizere yowongoka, mzere uliwonse udule inzake yonse, n'kumawerenga zidutswa. Magulu onse awiri analemba pabolodi zofanana: 1, 2, 4. Ndinaimitsa ntchito n'kufunsa kuti ikubwera ndi nambala yanji. Kalasi yonse inati 8, ena mpaka kulumbira. A mapepala anapinda, yatuluka 8. A makatoni anajambula, anawerenga, anabwereza, yatuluka 7. Anafufuta n'kujambulanso, ndi 7 yemweyo. Mnyamata wina anati katoniyo ndi yoonongeka, ndimupatse ina. Panatsala pang'ono kubuka ndewu. Phokoso litatha ndinawauza kuti manambala atatu sakwanira kuti munthu alumbire. Uyambe wafunsa chimene chikuwabala, chifukwa zinthu ziwiri zosiyana zikhoza kuyamba mofanana. Belu linalira iwo akukanganabe, ndipo palibe anathamangira panja.

Tsiku ngati limenelo ndimatuluka m'kalasi ndikumva kuti ndine munthu. Ndikafika pakhomo pathu n'kumva fungo la mankhwala opaka ndi la beseni, mapewa amagwa okha. Amayi ndimawakonda, Achimwene, musandimve molakwa. Koma nthawi zina ndimaima pakhomopo kiyi ali m'manja, osafuna kutsegula, ndipo ndimachita nazo manyazi.

Ahedi andifunsa kale kawiri kuti ndaganiza bwanji. Ndimangoti abale akukambirana.

Mlongo wanu

*

11 Epulo

Namasamu,

Moni. Ndili bwino, kutopa kokha. Kalata yako ndinailandira, ndipo inandilowa.

Epulo sindibwera. Sabata yanga ndampatsa mnzanga amene mkazi wake wachira, ali ndi mapasa. Ya Malichi ndinampatsa wina amene amakafolera nyumba yake. Ndikudziwa mmene zikumvekera kumeneko.

Wati ndisalonjeze, ndiye sindilonjeza. Ndingonena kuti mwina Ogasiti. Amayi usawauze, asakhalenso pazenera.

Nkhani ya katoni ija ndaiyesa pa chivundikiro cha ndowa ya penti, yatulukadi 7. Ndinaluza nayo botolo la zakumwa kwa mnzanga.

Za koleji usataye mtima. Ndilembere za miyendo ya amayi, sunandiyankhe.

Mlongo wako

*

20 Meyi

Mwana wanga,

Akulemba ndi atelala, mawu ndi anga. Ndawauza kuti alembe zonse monga ndikunenera, asakonze, chifukwa munthu wosoka amakonda kudula.

Uli bwanji? Ukudya? Ukwatira liti? Limenelo ndafunsa kuti lichoke, tsopano timve zenizeni.

Mlongo wako sali bwino. Sakudwala ayi, koma waleka kuimba. Kale akamatsuka mbale ankaimba nyimbo zake zosadziwika mutu zija, pano mbale zokha ndizo zikulira. Akaweruka ndimamva mapazi ake afika pakhomo, kenako zii. Amaima pamenepo nthawi ndithu asanatsegule. Iye amayesa kuti sindidziwa. Chinafa ndi mkono, makutu alipo.

Za koleji sanandiuze, ndinazimva kwa mkazi wa ahedi atabwera kudzayesa diresi pakhondepa. Atelala akuti ndisawaulule kuti ndiwo anatsegula zenera kuti ndimve bwino, koma alemba okha.

Ine ndinalera ana awiri kuti aziyenda, osati kuti mmodzi akhale mlonda wa beseni langa. Sabata yatha ndinati ndiyese kuimirira ndekha, kuti ndimuonetse kuti akhoza kundisiya. Ndinagwira tebulo ndi dzanja labwinoli, ndinadzuka ndithu, ndinaona ngakhale fumbi la pamwamba pa kabati limene samapukuta. Kenako pansi panabwera. Atelala anaitana bambo wogulitsa pa golosale kudzandikweza. Nthiti ikupweteka koma sinathyoke. Mlongo wako sitinamuuze.

Akuti ndilole wantchito. Ndayesa kuganiza, mwana wanga, koma thupi limakana. Dzanja la mlendo likandigwira ndimauma ngati thabwa, ndimayamba kutukwana ndisanaganize. Iwe ukanakhala kuno, kunyamula kukanakhala kwako, kusambitsa kwa atelala, tagwirizana kale. Koma iwe ukugawa masabata ako kwa anthu a mapasa. Mapasawo ali ndi amayi awo. Nawenso uli ndi ako.

Sindikukukalipira. Ndikukukalipira pang'ono. Bambo ako anali chimodzimodzi, nkhani ili m'mimba miyezi, pakamwa pali tsekeretu, ife n'kumayesa kuti alibe nazo ntchito. Ngati uli ndi maganizo, lankhula. Ngati ulibe, lankhulanso, mwanayu adziwe poima.

Ndatopa, lilime layamba kulemera. Atelala akuti moni, ndipo akuti inki yawo si yaulere.

Mayi ako

*

16 Juni

Achimwene,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino, pamodzi ndi mapasa ndi denga la mnzanu.

Kalata iyi si yopempha kanthu. Ndikungokudziwitsani kuti lero m'mawa ndawauza ahedi kuti ku koleji sindipita.

Anandiitana mu ofesi Lachisanu. Anandilankhula bwino, sindingawanamizire. Anati ngati zanga sizinalongosoke ndinene msanga, kuti sukulu isataye malowo, atumize dzina la mphunzitsi wa sayansi nthawi isanathe. Ndinapempha kuti ndikaganize Loweruka ndi Lamlungu.

Loweruka ndikusambitsa amayi ndinapeza chibalabala chakuda m'nthiti, pamene masabata onsewa akhala akuphimbapo nsalu posamba, chayamba kale kuyezuka. Anayesa kundinamiza kuti ndi m'mphepete mwa bedi. Atelala atapanikizidwa anaulula. Mayi wa mwendo umodzi kuimirira yekha m'nyumba yopanda munthu, kuti ine ndipite kusukulu! Ndinakhala pansi m'bafamo, thaulo lili m'manja, ndinalira ngati mwana.

Kenako ndikutsuka mbale ndinayamba kuwerenga miyezi yanu, poti mutu wanga ndi umenewu, sumvera. Januwale munati Febuluwale: mwezi umodzi. Febuluwale munati Epulo: miyezi iwiri. Epulo mwati Ogasiti: inayi. Mwana aliyense wa m'kalasi mwanga angakuuzeni kuti Ogasiti akadzafika mudzawonjezera isanu ndi itatu, tidzaonana Epulo wa chaka chamawa. Ndipo ngakhale mutabweradi Ogasitiyo, sabata imodzi indithandiza chiyani? Chilembereni kalata ya Epulo ija mwangoti zii. Ndinakuuzani kuti ndipirira, ndapirira, ndipo ndamva.

Sindikufuna kukangana nanu. Munachoka pakhomo pano kalekale, muli ndi moyo wanu, anzanu ndiwo akhala abale anu. Ine ndinatsala, ndipo wotsala ndiye amanyamula. Chimene chikundiwawa n'chakuti ndinakhulupirira. Ndinali nditayamba kusonkhanitsa maphunziro anga mu envulopu, la matebulo, la zitsulo za pazenera, la masitepe, kuti ndikawaonetse kumeneko. Ndinkadziona nditakhala pa desiki, wina akundiphunzitsa ine, kenako n'kukagona mpaka m'mawa osamvetsera ngati wina akuitana.

Ahedi atumiza dzina la mnzangayo lero lomwe. Anasangalala mpaka kundigwira chanza ndi manja awiri. Ndi munthu wabwino, ana ake atatu, sanandilande kanthu.

Amayi sindinawauze kuti ndakana. Musavutike kuyankha msanga.

Mlongo wanu

*

14 Juni

Amayi ndi Namasamu,

Moni nonse. Kalata iyi muwerengere limodzi, ndipo atelala akhalepo, chifukwa inki yawo yagwira ntchito.

Namasamu, unati ndisalonjeze kufikira tikiti ili m'manja. Ili m'manja. Ndagula lero, ya pa 25 Ogasiti, ndipo ndikubwerera kuno kumayambiriro kwa Disembala. Miyezi itatu yathunthu. Kapitawo wasaina dzulo.

Tsopano ndikhoza kulankhula. Nditawerenga kalata yako ya Januwale ndinagona nayo masiku, kenako ndinakumbukira zimene timachita kuno. Munthu akakhala ndi vuto, mnzake amamugwirira sabata yake yopuma, ndipo tsiku lina amadzamubwezera. Nthawi zambiri imakhala sabata imodzi. Ine ndinaganiza zobwereketsa zonse, kuyambira Febuluwale, kuti anzanga atatuwa adzandibwezere pamodzi, ndiphatikize ndi sabata ya Januwale ija ndi tchuthi changa cha pachaka. Poyamba ndinkati Epulo yokha ndisunge ndidzakuoneni, koma nditawerenga bwino ndinapeza kuti ndikaidya miyeziyo siikwana. Wa mapasa uja anabwera pa nthawi yake.

Chovuta chinali kapitawo. Zosinthanazi amangozilekerera, m'malamulo mulibe, ndipo zoti munthu wa pang'anjo achoke miyezi itatu sanazimvepo. Anandikana kawiri. Anati pokhapokha nditaphunzitsa munthu wina wogwirizira. Ndaphunzitsa bambo wina wa kopakira mabotolo, ndipo sabata ino wayang'anira moto yekha osaononga kanthu. Bedi langa la m'hositelo atenga iyeyo.

Ndikanakuuzani kale, koma akanakana kachitatu bwenzi amayi atakhalanso pazenera, iwe utasesanso chipinda. Ndinati nditseke pakamwa mpaka zitapsa. Amayi, mwati ndatengera bambo. Mwina n'zoona.

Sindinatuluke pageti la fakitale chiyambire chaka, kupatula kukaponya makalata. Ndaonda, malamba ndaboola mabowo awiri atsopano, ndipo ndikatseka maso ndimaona moto. Anzanga akuti ndayamba kuyankhula ndi ng'anjo. Koma lero ndikuyenda ngati ndakhululukidwa mlandu.

Ndiye Namasamu, pita kwa ahedi mawa lomwe, uwauze alembe dzina lako ndi zilembo zazikulu. Undiphunzitse kanyamulidwe ndi nthawi za mapiritsi sabata imene tidzakhale limodzi. Amayi, konzekani, ine tiyi ndimapanga woipa kuposa wa mwana wanuyo.

Mwana wanu, mlongo wako

*

3 Julayi

Okondedwa Achimwene,

Moni. Pofika lero kalata yanga ya pa 16 mwaiwerenga, ndiye mukudziwa. Makalata athu anaphonyana panjira. Yanu inachedwa ku positi, yafika Lachinayi lapitali.

Inafika ine ndili kusukulu. Poona kuti yalembedwa kwa tonse, atelala anawawerengera amayi. Nditafika pa nthawi yopuma ndinapeza amayi akuseka ndi mbali imodzi ya nkhope, misozi ili mbwembwembwe, atelala akuvina pakhonde tepi yoyezera ili m'khosi. Anandipatsa kalatayo. Ndinaiwerenga chiimire, ndinawamwetsa mapiritsi, ndinawatembenuza, kenako ndinathamanga.

Ahedi anandimvera mpaka kumapeto. Anatsegula kabati n'kundionetsa yankho la ku koleji: dzina la mphunzitsi wa sayansi analandira, chipinda amupatsa, mndandanda watsekedwa. Anayesabe kuwalembera, sindingawadandaule, ndipo dzulo ayankha kuti sasintha. Ndinafunsa za chaka chamawa. Akuti malowo amazungulira, chaka chamawa ndi a sukulu zina, ndipo sakudziwa kuti adzatifikanso liti.

Mnzangayo atamva anabwera m'kalasi mwanga ana atatuluka. Anaima pafupi ndi bolodi akupotokola chipewa, n'kunena kuti zikanakhala zotheka akanandibwezera. Ndikukhulupirira kuti amanena zoona. Kenako anandipempha, mwamanyazi, kuti ndimuphunzitse maphunziro anga aja, chifukwa kumeneko akamufunsa ndipo iye sanaphunzitsepo choncho. Ndavomera. Tikaweruka timatsala pang'ono, ine ndikukoka matebulo, iye akulemba. Amagwira msanga. Dzulo anaseka mokondwa atapeza yankho yekha, ine ndinayang'ana kumbali.

Ndakukwiyirani, Achimwene. Mzere umodzi wokha ukanakwana. Koma ndikafuna kukukalipirani ndimakumbukira kuti amene anakutsekani pakamwa ndine, ndipo ndimakuonani muli pamoto miyezi yonseyi osapuma, mukuboola lamba, ine kuno ndikukunenani za mapasa. Ndinawerenga miyezi yanu, sindinafunse chimene chikuibala. Mawu ena a m'kalata ija ndikanakonda akanapsa m'ng'anjo yanuyo musanawaone. Pepani.

Ndikudziwa kuti masabatawo sangabwezedwe, anzanu anadya kale awo ndipo bedi lanu lili ndi mwini. Ndiye bwerani ndithu. Mudzagone, mudzanenepe. Mudzandipeza pompano. Tidzakhala awiri onyamula munthu mmodzi, mwina ndidzamwako tiyi ndi anzanga pa nthawi yopuma.

Chatsala n'chimodzi, ndipo chikundilemera kuposa zonse. Amayi sakudziwa. Chiwerengereni kalata yanu akudya bwino, akuyesa kugwedeza zala za dzanja lakufa lija, auza aliyense wodutsa pazenera kuti mwana wawo akupita ku koleji. Atelala ndawauza, analira, koma nawonso alephera kuwauza. Amayi awalamula kuti andisokere madiresi awiri, ndipo akusoka, chifukwa makina akangoima amayi amafunsa. Ndayesa katatu kuyamba nkhaniyi. Ndikangoti "Amayi," iwo amati, "Usadandaule za ine, pita." Ndikudziwa chimene adzaganize akadzamva: kuti ndinakana chifukwa cha nthiti yawo ija.

Lamlungu anandiuza kuti nditsitse sutikesi pamwamba pa wadiropu, ipitidwe mphepo. Ndinakwera pa mpando, ndinaitsitsa. Ili pakona m'chipinda mwawo, yotsegula, pamene akuiona ali pabedi, ndipo tsiku lililonse amandiuza choti ndiikemo. Lero ndaikamo thaulo ndi nsapato.

Mukadzafika musadzafunse kanthu pamaso pawo. Tidzawauze tili awiri, inu mutawagwira dzanja labwinolo. Ndekha ndalephera.

Ine mlongo wanu,
Namasamu